Mtundu uli pa chinthu kapena m'maso? Gwero la mkangano wakale

Mu February 2025 panakwana zaka 10 chifalikireni pa intaneti chithunzi cha diresi lina lomwe anthu ena ankaliona kuti ndi la buluu ndi lakuda, pomwe ena ankalumbira kuti ndi loyera ndi lagolide. Kampani ya Roman Originals ya ku Britain, yomwe inkagulitsa diresilo, inatsimikiza kuti linali la buluu ndi lakuda, koma ambiri amene ankaliona loyera anapitiriza kuliona loyera ngakhale atauzidwa. Akatswiri a maso amati ubongo wa aliyense unkangoganizira pawokha kuwala komwe kunalipo pojambula, ndipo anthu anasiyana pa kaganiziridwe kameneko. Komabe funso lakale linatsala, loti mtundu umakhala pa chinthucho, m'kuwala, kapena mwa woonayo.

Munthu wamba savutika nalo funsoli. Kwa iye tomato wakupsa ndi wofiira monga momwe alili wobulungira, ndipo amakhalabe wofiira akamutsekera m'kabati mwamdima. Anatsutsa zimenezi ndi afilosofi: Democritus wa ku Greece ankati chilipodi ndi tizidutswa tosaoneka ndi malo opanda kanthu basi, ndipo Galileo wa ku Italy mu 1623 analemba kuti mitundu, fungo ndi kakomedwe zikhoza kutheratu zamoyo zonse zitachotsedwa. Koma awa anali maganizo chabe, opanda chosonyeza.

Zinthu zinasintha ndi kalata yomwe wasayansi wa ku England Isaac Newton anatumiza ku bungwe la asayansi la Royal Society ku London, yomwe inasindikizidwa mu February 1672. Newton anatseka chipinda chake kuti mukhale mdima, n'kuboola kabowo pa chotsekera zenera, ndipo cheza cha dzuwa cholowera pamenepo anachidutsitsa m'galasi la mbali zitatu. Pa khoma lomwe linali pa mtunda wa mamita pafupifupi 7 panaoneka mitundu ya utawaleza, osati yozungulira ngati kabowoko, koma yotalika pafupifupi kasanu kuposa m'lifupi mwake. Anthu ophunzira a nthawiyo ankakhulupirira kuti kuwala koyera n'kosasakanizika, ndipo galasi ndi lomwe limakudetsa kuti kutuluke mitundu. Choncho Newton anaika matabwa awiri obowola kuti apatule cheza cha mtundu umodzi, n'kuchidutsitsanso m'galasi lachiwiri. Chofiira chinatuluka chofiirabe, ndipo cha buluu chinakhota kwambiri kuposa chofiira monga poyamba paja. Apa anatsimikiza kuti kuwala koyera n'kophatikiza, ndipo galasi limangolekanitsa zomwe zinalimo kale.

Chaka chenicheni cha ntchitoyi n'chovuta kuchikhomerera. M'kalatayo Newton anati anapeza galasilo kumayambiriro kwa 1666, koma atakalamba akuti anafotokoza kuti analigula pa msika waukulu wa Stourbridge pafupi ndi Cambridge mu 1665, chaka chomwe msikawo sunachitike chifukwa cha mliri. Olemba mbiri ambiri amaona kuti ntchitoyi inatenga zaka zingapo, ndipo kalatayo inaikonza nkhaniyo kuti imveke ngati ya tsiku limodzi. Wasayansi mnzake Robert Hooke anatsutsa mafotokozedwe ake nthawi yomweyo, ndipo Edme Mariotte wa ku France anayesa kubwereza n'kupeza zosiyana. Ngakhale chiwerengero cha mitundu 7 chomwe ana amaloweza kusukulu chinali chosankha cha Newton, yemwe poyamba ankatchula isanu, kenaka n'kuwonjezera iwiri kuti zifanane ndi manotsi a nyimbo.

Chomwe chinagwedeza chikhulupiriro cha munthu wamba ndi zomwe Newton analemba mu 1704, zoti cheza pachokha chilibe mtundu, chili ndi mphamvu yokha yodzutsa mtunduwo mwa woona. John Locke, mmodzi mwa afilosofi a ku England, anali atanena kale zofanana ndi zimenezi zokhudza zinthu zomwe timaziona. Goethe, wolemba ndakatulo wa ku Germany, anakana mwaukali maganizo a Newton mu 1810. Pa sayansi ya kuwala analakwitsa, koma mfundo yake yoti mtundu uyenera kuphunziridwa monga momwe diso limauonera inali ndi phindu, ndipo Newton sanaisamale mokwanira.

Lero mkangano ukadalipo pakati pa afilosofi. C. L. Hardin mu 1988 anati zinthu zilibe mtundu, ndipo umboni wake waukulu unali woti anthu a maso abwinobwino akauzidwa kusankha kubiriwira kwenikweni, kopanda buluu kapena chikasu, amaloza malo osiyana pa mndandanda wa mitundu ya utawaleza. Alex Byrne ndi David Hilbert mu 2003 anayankha kuti mtundu ndi momwe khungu la chinthu limabwezera kuwala, zomwe sizisintha dzuwa likalowa, ndipo n'chifukwa chake nthochi yakupsa timaizindikira m'mawa ndi madzulo omwe. Pa za kubiriwira anavomereza kuti ena mwa oonawo akulakwitsa, ngakhale palibe njira yodziwira kuti wolondola ndani.