Lamba wa timing saduka yekha

Minibasi ndi timavani tambiri ta dizilo timene timayenda pakati pa Zomba ndi Limbe, kapena kutsikira ku Liwonde, moyo wake wonse uli pa lamba mmodzi wa rabara amene mwini galimoto sanamuonepo n'kamodzi komwe. Lambayu, amene timamutcha lamba wa timing, amabisala kuseri kwa chivundikiro kutsogolo kwa injini. Uja mumamuona mukatukula mpando, amene amazunguza fani ndi alternator, ndi wina. Ameneyo akaduka, nyale ya batire imayaka, geji ya kutentha imayamba kukwera, ndipo mukaima msanga mwangotaya ndalama ya lamba basi. Koma wobisika uja akaduka, nkhani yake imakhala ya kuphwasula injini.

Ntchito yake ndi iyi. Pansi pa injini pali crankshaft, imene mapisitoni amaikankha. Pamwamba, mu hedi, muli camshaft, imene imatsegula ndi kutseka ma valve, titseko tolowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi. Lamba wa timing ali ndi mano, ndipo amalumikiza ziwirizi kuti crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft izungulire kamodzi, osaphonya dzino ngakhale limodzi. Pa injini za Toyota monga 2L, 3L ndi 5L, lamba yemweyu ndi amenenso amazunguza pampu ya dizilo, choncho ngakhale nthawi yothira mafuta mu silinda ili m'manja mwake.

Kuti mumvetse chifukwa chake injini ya dizilo imawonongeka kwambiri lamba akaduka kuposa injini zambiri za petulo, ganizirani amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Misi iwiri imatsikira malo amodzi, koma siigundana chifukwa wina akamatsitsa mnzake amakhala atakweza. Valve ndi pisitoni zimagwiritsanso malo amodzi pa nthawi zosiyana. Injini ya dizilo ilibe ma plug oyatsira moto, imadalira kufinya mpweya mpaka utenthe. Pa 3L ndi 5L mpweya umafinyidwa pafupifupi ka 22. Kuti zimenezi zitheke, pisitoni imakwera mpaka kutsala pang'ono kukhudza hedi. Malo othawirako palibe. Injini ikamayenda pa 3,000 rpm, crankshaft imazungulira ka 50 pa sekondi imodzi. Lamba akaduka, camshaft imaima ma valve ena ali chitsegukire, koma mapisitoni amapitirizabe kukwera chifukwa galimoto ikuyenda ndipo ili m'giya. Dalaivala asanaponde n'komwe klatchi, ma valve apindika kale. Nthawi zina camshaft yeniyeniyo imathyoka. Pa 4D56 ya Mitsubishi, zimene zimakonda kuthyoka ndi ma rocker, timikono tokankha ma valve, ndipo injini imeneyo ili ndi lamba wachiwiri wamng'ono wa ma balance shaft (zitsulo zochepetsa kunjenjemera kwa injini) amene ambiri amamuiwala. Akaduka amatha kulowa pansi pa wamkulu n'kumudumphitsa mano.

Si dizilo iliyonse ili ndi lamba. TD27 ndi QD32 za Nissan Caravan zimayendera magiya, ndiye eni ake angapume pa nkhani imeneyi, ngakhale za pampu ya madzi zimene tikambe kutsogoloku zikuwakhudzabe. Koma ma Hiace a 3L, 5L, 1KZ, 1KD ndi 2KD, komanso Bongo ndi Vanette za dizilo, zonsezi zili ndi lamba.

Funso limene ndimalandira kawirikawiri kugalaja ndi lakuti, "Nanga poti ikuyenda bwinobwino, tisinthirenji?" Yankho ndi lakuti lamba ameneyu alibe chizolowezi chochenjeza. Injini imalira bwino mpaka sekondi yomaliza. N'chifukwa chake amasinthidwa powerenga mtunda. Pa injini za gulu la L, Toyota anaika makilomita 100,000; pa za KD mabuku ambiri amati 150,000. Anthu amaona ngati 100,000 ndi kutali. Tiyeni tiwerenge. Kuchoka ku Zomba kukafika ku Blantyre ndi pafupifupi makilomita 65. Minibasi yopita ndi kubwera kawiri patsiku yayenda 260. Masiku 6 pa sabata ndi 1,560. Ikamatha chaka ndi miyezi itatu, 100,000 yakwana. Vani ya sitolo imene imangozungulira Chinamwali, Matawale ndi Mpondabwino singafike pamenepo msanga, koma rabara amakalamba ngakhale galimoto itangokhala, ndiye ine ndikaona lamba wadutsa zaka 5 ndimamuchotsa posayang'ana mtunda.

Nyale ya T-BELT imene ili pa dashibodi ya Hiace musaikhulupirire kwambiri. Siiona lamba ayi, imangowerenga makilomita, ndipo aliyense wodziwa akhoza kuizimitsa osagwira sipanala. Galimoto zobwera kuchokera ku Japan zambiri zimakhala ndi kapepala komata pa chivundikiro cha injini kosonyeza tsiku ndi mtunda umene lamba anasinthidwa. Chaka chake nthawi zambiri chimalembedwa m'kawerengedwe ka kwawo: H ndi Heisei, mumawonjezera 1988, choncho H25 ndi 2013, R ndi Reiwa, mumawonjezera 2018. Kapepalako kakasowa, kapena mtunda wa pa mita ukakhala wokayikitsa, musafunse zambiri. Sinthani galimoto isanayambe ntchito.

Tsopano pa mfundo yeniyeni. Malamba ambiri amene amabwera kugalaja ataduka sanafe ndi ukalamba. Anaphedwa ndi zinthu zoyandikana nawo. Lamba amadutsa pa tensioner, imene imamukoka kuti akhale wolimba, ndi pa idler imene imamuwongolera njira. Zonsezi zili ndi beringi, ndipo beringi ikauma girisi n'kugwira, lamba amakhuzika pa chitsulo chosazungulira mpaka kupsa kumsana. Kuseri kwa mapule kuli ma seal a oilo. Akayamba kudontha, oilo amafewetsa rabara ndipo mano amasosoka, lamba ali wosaduka. Dizilo wodontha pa pampu amachitanso chimodzimodzi. Ndipo amene mumayenda njira za fumbi, za ku Kachulu kapena ku Chingale, chivundikiro chosweka kapena chosowa mabawuti musachione ngati nkhani ya maonekedwe. Kamwala kamodzi kakalowa pakati pa lamba ndi pule, kamaboola.

Mdani wamkulu ndi pampu ya madzi. Pa injini zina, monga 1.9 TDI ya Volkswagen, lamba wa timing ndi amene amazunguza pampuyi, ndiye beringi yake ikayamba kugwedera lamba amayenda mopendekera n'kumadyeka m'mphepete, ndipo ikagwira amaduka nthawi yomweyo. Pa ma Hiace pampu imayendera lamba wa fani, koma imakhala pafupi pomwepo, ndipo ikafa imapha injini mwa njira ina: madzi amasiya kuzungulira, injini imawira, gasiketi imapsa, hedi imapindika kapena kung'aluka.

Chimene chimapha mapampu kuno kwathu ndi madzi amene timathira. Kondakitala amatunga pampopi, pamjigo, ngakhale mumtsinje wa Likangala, bola redieta idzadze. Madzi okha amachititsa dzimbiri, ndipo dzimbirilo limadya mapiko a pampu mpaka kutsala chimbale chozungulira chosakankha kanthu, komanso limakanda seal yake. Coolant sanapangire mayiko ozizira okha monga ena amanenera. Muli mankhwala oletsa dzimbiri, ndipo akasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi oyera amachedwetsanso kuwira. Chivindikiro cha redieta nachonso n'chofunika kuposa mtengo wake. Chimasunga mphamvu ya mpweya mkati kuti madzi asawire pa madigiri 100 koma cha m'ma 120. Chikatha sipuling'i, mwataya chitetezo chimenecho, ndipo mukamakwera ku Chawe m'giya yachiwiri mwezi wa October, muli ndi katundu, kumene madzi amawira msanga chifukwa cha kukwera kwa malo, mudzazindikira. Za kuchotsa thermostat, kachipangizo kotsegulira madzi njira ya ku redieta injini ikatentha, zimene anzanga ena amachita ngati mankhwala a injini yotentha, ine sindigwirizana nazo. Zimabisa vuto, ndipo dizilo yoyenda yozizira imamwa mafuta ndi kutha msanga.

Mwayi wake ndi wakuti pampu ndi ma beringi, mosiyana ndi lamba, zimalankhula. Pampu ili ndi kabowo pansi pake kotulutsira madzi seal ikayamba kutha; mukaona mzere woyera, wobiriwira kapena wofiirira utauma pamenepo, kapena madontho pansi m'mawa, yayamba. Kuwonjezera madzi tsiku ndi tsiku si khalidwe la galimoto, ndi matenda. Injini ili yozima, gwirani fani muigwedeze. Ikamasewera, beringi yatha. Kulira kokhwekhwereza kapena kwa mluzu kutsogolo kwa injini, makamaka m'mawa, musakukwirire ndi wailesi. Dziwaninso kuti madzi akatheratu geji imatha kutsika m'malo mokwera, chifukwa sensa imakhala ilibe chokhudza. Injini ikawira musatsegule redieta pompo, ndipo musathire madzi ozizira mu injini yotentha. Hedi zambiri zimang'aluka pamenepo.

Choncho mukatsegula kutsogolo kwa injini, sinthani zonse pamodzi: lamba, tensioner, idler, ma seal ndi pampu. Ndikudziwa mmene ndalama ikuvutira, ndipo bwana amene akudikira tageti madzulo safuna kumva mndandanda wautali. Koma ntchito yophwasula ndi imodzi, ndipo lamba watsopano amakoka mwamphamvu kuposa wakale, choncho beringi yotopa imene ikanapirira miyezi ingapo imafa msanga. Mudzalipira makaniko kawiri, mwinanso ndi hedi pamwamba. Masipeyala a kaunjika ali ndi malo ake, chitseko kapena giyabokosi, koma osati pano. Malamba a Gates, Mitsuboshi kapena Bando ndi mapampu a Aisin kapena GMB ndi odalirika, bola akhale enieni, chifukwa makatoni onyenga ali mbwee. Mtengo ukatsika modabwitsa, kayikirani. Uzani makaniko akusungireni zakale muzione, ndipo akamaliza kumanga azunguze injini ndi sipanala kawiri konse n'kuonanso ma mark, zizindikiro zosonyeza kuti mapule ali pamalo pake, asanalize. Dzino limodzi likaphonyeka pa pampu ya dizilo, galimoto imavuta kulira, imatulutsa utsi woyera ndipo imagogoda. Lembani tsiku ndi mtunda pa chivundikiro ndi penti.

Zikakuchitikirani pamsewu, tinene pa Thondwe kapena pa Namadzi, injini n'kungozima mwadzidzidzi mafuta alimo, yesani sitata kamodzi kokha n'kumvetsera. Ikazungulira mopepuka kapena mwachilendo, kapena ikagunda n'kuima, chotsani kiyi. Anyamata abwera ndithu n'kunena kuti, "Bwana, tikankhe, ilira imeneyi." Akanizeni. Kukankha galimoto ili m'giya kumamenyetsa mapisitoni pa ma valve amene anapulumuka poyamba. Ikani nyutulo, itanani yokoka, ndipo makaniko ayambe watsegula chivundikiro cha pamwamba aone ngati camshaft ikuzungulira.