"Service charge" ya pa bilu si tipi ya woperekera zakudya

Ambiri akaona pa bilu ya kulesitilanti pawonjezedwa kamzere koti "service charge 18%", amabweza chikwama m'thumba, ati woperekera zakudya walandira kale yake. Si kulikonse kumene zili choncho.

Ku America, bungwe la misonkho la IRS limati tipi ndi ndalama imene kasitomala wapereka mwa kufuna kwake, atasankha yekha kuchuluka kwake. Yoikidwiratu pa bilu imalowa m'thumba la mwini malo. Kaya aigawira antchito, kaya alipirira lendi ndi magetsi, lamulo la dziko lonse silimukakamiza. Chowawa n'chakuti lamulo lomwelo limalola kulipira wolandira matipi madola 2.13 okha pa ola, ndalama yosasintha chiyambire 1991. Matipi akaperewera, bwana amangowonjezera kuti malipiro afike pa madola 7.25 pa ola, basi. Ndiye taganizani mtsikana amene wathamanga ndi mbale zotentha usiku wonse, makasitomala n'kumatuluka osamusiyira kanthu poganiza kuti bilu yamusamala kale.

Ku Britain n'kosiyana. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024, ndalama yonse ya "service charge" iyenera kupita kwa antchito.

Mukakayikira, mufunseni wokuperekeraniyo motsitsa mawu: "Kodi iyiyi imakufikani?"