Muchepetseko mikango m'nkhani zanu za Akhristu a ku Roma

Chaka chino chokha ndawerenga zolemba zinayi za achinyamata amene akupeka mabuku ndi masewero a Akhristu oyambirira, ndipo zitatu zikuyamba mofanana: mfumu Nero wakhala pampando mu Colosseum, bwalo lalikulu la masewero la ku Roma, wakweza dzanja, mikango yatuluka. Ndimaphunzitsa mbiri ya mpingo, ndipo ndatopa kulemba mawu omweomwewo m'mphepete mwa pepala. Nero anamwalira mu 68 AD. Colosseum inatsegulidwa mu 80, Titus ali pampando. Nero sanapondemo phazi. Akhristu amene anawanamizira moto umene unawononga mzinda wa Roma mu 64 anafera m'minda yake: ena anawaveka zikopa za nyama agalu n'kuwakhadzula, ena anawapachika, ena anawayatsa usiku kuti aunikire ngati miuni. Analemba zimenezi ndi Tacitus, wolemba mbiri wa Chiroma, yemwe Akhristu sankawafuna n'komwe.

Pa manda a pansi pa nthaka a ku Roma, amene anthu amati Akhristu ankabisalamo, sinditaya nthawi. Anali manda basi, boma linkadziwa pamene ali, ndipo palibe mpingo umene unkagona, kuphika ndi kulerera ana m'menemo.

Zaka zolakwika timakonza ndi cholembera. Chovuta kukonza n'chakuti mumalemba ngati asilikali ankagogoda khomo ndi khomo tsiku lililonse kwa zaka 250. Chizunzo chinkagwa mwa apo ndi apo, mzinda uno chaka chino, kwina bata mpaka ana kukula osaona wina akuphedwa. Origen, mphunzitsi wa Chikhristu, polemba cha m'ma 248, anati amene anali atafera chikhulupiriro anali ochepa, osavuta kuwawerenga.

Cha m'ma 112, Pliny, bwanamkubwa wa chigawo cha Bithynia, analembera mfumu Trajan kufunsa kuti atani nawo Akhristu, chifukwa anali asanakhalepo pa mlandu wotere. Woimbidwa mlandu ankamufunsa katatu ngati ndi Mkhristu, ndipo wokakamira ankalamula kuti aphedwe. Wokana ankamupatsa lubani ndi vinyo kuti apereke pamaso pa fano la mfumu, atukwane Khristu, azipita kwawo. Trajan anayankha kuti asachite kuwasaka, komanso kalata zowaneneza zopanda dzina asazilandire. Nanga ngati boma silinkasaka, mayina ankachokera kuti? Kwa anansi. Pliny yemweyo akunena kuti nyama ya nsembe inali itasowa ogula. Mdani wa m'nkhani yanu akhoza kukhala wogulitsa nyama amene malonda amuvuta, kapena mlamu amene akudyerera maso munda. Ndiponso khomo lotulukira linali lotseguka: kalubani kotsina ndi zala ziwiri, munthu wapulumuka. Wolemba amene sakumva kulemera kwa kalubani kameneka sanafike pa nkhaniyi.

Imene imandisowetsa tulo ndi ya mu 250. Mfumu Decius inalamula kuti aliyense mu ufumu wonse apereke nsembe, alaweko, alandire chiphaso chosainidwa ndi mboni za boma. Ziphaso zoposa 40 zinapezeka mumchenga wa ku Egypt, ndipo china n'cha mayi amene anali wansembe wa mulungu wa ng'ona, kusonyeza kuti lamuloli silinkasankha. Ku Carthage, kumpoto kwa Africa, bishopu Cyprian anakabisala. Atabwerera analemba ndi chisoni kuti nkhosa zake zambiri sizinadikire n'komwe kugwidwa, zinathamangira zokha kubwalo kukapereka nsembe. Dzuwa litapendeka akuluakulu atati ena abwere mawa, anthu anachonderera kuti awathandize lomwelo. Ena a ndalama anangogula chiphaso osapereka nsembe.

Cyprian akusimbanso za kamwana kakakazi. Makolo ake pothawa anakasiya ndi mlezi, ndipo mleziyo anapita nako kwa akuluakulu a mzinda. Poti kanali kasanayambe kudya nyama, anakadyetsa mkate woviika mu vinyo wa nsembe. Mayi ake anadzakatenga osadziwa kanthu. Tsiku lina pa Mgonero dikoni atafika ndi chikho, kamwanako kanatembenuza nkhope, kanafumbata milomo, ndipo atakamwetsa mokakamiza kanasanza. Cyprian anaonapo chiweruzo cha Mulungu. Ine maso anga amakhala pa mlezi uja, amene dzina lake silinalembedwe. Anatsala yekha ndi mwana wa eni, mabwana athawa, lamulo la mfumu lili pakhomo. Ndawerenga ndimeyi ndi ophunzira anga kwa zaka zambiri, ndipo kalasi imagawikana nthawi zonse. Palibe mwa olemba anayi aja amene ali ndi munthu ngati ameneyu. Onse ali ndi oyera mtima mbali ino, zilombo za anthu mbali inayo.

Chonsecho mkangano wa anthu ogonjawa ndi umene unang'amba mpingo. Mfumu Diocletian atalamula mu 303 kuti matchalitchi agwetsedwe ndi mabuku opatulika atenthedwe, atsogoleri ena anapereka mabukuwo. Chizunzo chinatha ndi chilengezo cha mfumu Galerius mu 311 ndi mgwirizano wa mafumu Constantine ndi Licinius ku Milan mu 313, koma kumpoto kwa Africa otsatira bishopu Donatus anakana kupemphera ndi opereka mabuku aja, ndipo magawanowo anapitirira kwa zaka zoposa 100.

Ndikafunsa achinyamatawa kuti izi mwazitenga kuti, yankho limakhala limodzi: mavidiyo a pa intaneti ndi mauthenga oyenda m'magulu a pafoni. Kwabuka anthu odzitcha akatswiri a mbiri yobisika, amene amatchula mamiliyoni a ophedwa osanena pamene awerenga, n'kuikapo zithunzi zopangidwa ndi kompyuta za ana ali m'kamwa mwa mkango. Ndi omwewa amakuuzani kuti Mkhristu ankajambula theka la nsomba pamchenga mnzake n'kumalizitsa. Chizindikiro cha nsomba chinalipodi, koma mwambo wojambulirana uja mulibe m'zolemba za nthawiyo. Munthu akakuuzani zotere mufunseni kuti analemba ndani, chaka chiti. Akayamba kukuopsezani kuti mukukayikira magazi a oyera mtima, mutalikireni. Kalata ya Pliny ndi yankho la Trajan mungaziwerenge tiyi asanazizire, ndipo nkhani ya Perpetua, mayi wa zaka 22 amene anagwidwa akuyamwitsa n'kuphedwa ku Carthage mu 203, mbali ina anailemba yekha m'ndende.

Komanso musamabwere mochedwa. Mnyamata wina anandipeza atanyamula katoni ya mabuku osindikizidwa kale, ndalama za mbewu ya makolo ake zitathera pomwepo, Nero ali pachikuto mu Colosseum. Ankalemba bwino kwambiri mwanayo. Akanabwera zolembazo zikanali m'kope, tikanakonza m'madzulo amodzi okha.