Akaunti yanu si njira yodutsira ndalama za ena

Sepitembala akafika, ofesi yathu yothandiza ophunzira ochokera kunja kuno ku UK imadzaza, ndipo chaka chilichonse ndimamva zomwezomwezo: "Akuti wophunzira salipira msonkho." Anakuuzani ndani? Mukagwira ntchito, msonkho umakupezani ngati wina aliyense. Kungoti pa chaka cha msonkho, chomwe chimayamba pa 6 Epulo, ndalama zoyamba zokwana £12,570 sazidula income tax. Ngati muli ndi ntchito imodzi koma pa payslip pakuoneka kodi ya msonkho ya BR kapena 0T m'malo mwa 1257L, mwina akukudulani zochuluka, ndiye dziwitsani a HMRC, bungwe lotolera misonkho kuno, msanga. Umene wophunzira wa full time salipira ndi council tax, msonkho wa kukhonsolo wa nyumba imene mukukhalamo, bola apereke kukhonsolo kalata ya ku yunivesite. Nambala ya National Insurance, imene amakudziwirani pa nkhani za ntchito ndi msonkho, ndi yaulere pa gov.uk, ndipo wofuna kukulipiritsani ndi wakuba.

Za foni sindichedwapo. Gulani SIM yolipira pamwezi ngati giffgaff kapena Lebara, osathamangira kontirakiti ya miyezi 24. Nambala yanu ya TNM kapena Airtel isafe, chifukwa banki ya kwathu imatumiza makodi pa nambala imeneyo. Wina akaimba kuti ndi wa HMRC kapena Home Office, unduna woona za maviza, akuti mumangidwa mukapanda kulipira lero, dulani foni. Boma silitolera ndalama choncho.

Koma chomwe chimandisowetsa tulo ndi nkhani ya mtsikana wina wa kwathu amene ankachita master's. Kwacha itatsika ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makolo ake ankayenda m'mabanki osapeza mapaundi a lendi. Ndiye panabwera "achimwene" a pa gulu la WhatsApp: bambo apereke makwacha kwa munthu wawo ku Lilongwe, iwo aika mapaundi kuno, pa reti yabwino. Koyamba zinayenda. Kenako anati, "Mlongo, akaunti yanga yavuta, ndalama zina zidutse mwanu, mutengepo kangachepe." Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndalamazo zinali zobedwa kwa anthu ena.

Banki inatseka akaunti ya mtsikanayo popanda kufotokoza. Dzina lake linalembedwa ku Cifas, kumene mabanki amasunga mayina a anthu okhudzidwa ndi zachinyengo, ndipo chizindikiro chotere chimatha kukhalapo mpaka zaka 6. Taganizani: malipiro alibe polowera, lendi ilibe podutsira, banki ina iliyonse ikukana kumutsegulira akaunti. Malamulo a kuno amati zimenezi ndi kuthandiza kubisa ndalama zakuba, ndipo mawu oti "sindinkadziwa" amavuta kuwatsimikizira.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti anabwera kwa ife patatha miyezi iwiri. Manyazi! Ankaopa kuti tikauza makolo ake, ankaopanso kuti viza ithetsedwa. Nthawi imeneyo achimwene aja anali atatuluka pa gulu, nambala yawo sinkapezekanso, ndipo iye, chifukwa cha mantha, anali atafufuta mauthenga onse. Mauthenga amenewo ndiwo akanakhala umboni wake polemba dandaulo ku banki ndi kwa Financial Ombudsman, ofesi yomva madandaulo okhudza mabanki. Tinalemba ndithu, koma m'manja mulibe kanthu. Maphunziro anamaliza akulipira lendi kudzera kwa mnzake wa m'kalasi.