Kosi ya netiweki iyambire pomwe netiweki yaduka

Wogulitsa mbuzi pa msika wa Bangula watumiza ndalama pa foni kwa m'bale wake ku Nsanje. Foni yazungulirazungulira, kenako zii, uthenga wotsimikiza osabwera. Ndalamazo zapita kapena ayi? Atumizenso kapena adikire? Funso limeneli ndiye phata la kosi ya netiweki za makompyuta ndi makina ogwira ntchito mogawana, yomwe ana athu amaphunzira m'sukulu zaukachenjede monga MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo. Vuto ndi loti kosiyi nthawi zambiri imayamba ndi kuloweza magawo 7 a OSI, ndondomeko yofotokoza masitepe omwe uthenga umadutsa pa netiweki. Wophunzira amawatchula bwinobwino pa mayeso, koma mukamupatsa makompyuta awiri osalankhulana amangoti kakasi.

Sabata zoyamba zikhale za manja. Gulu la ophunzira atatu lipatsidwe malaputopu awiri, switch (kabokosi kolumikizira makompyuta) ya madoko 8, kebulo ya Cat5e kapena Cat6, timitu ta kumapeto kwa kebulo ta RJ45, chofinyira ndi choyezera. M'kebulomo muli mawaya 8 opotedwa awiriawiri, ndipo amayalidwa mwa dongosolo la T568B: woyera-olenji, olenji, woyera-wobiriwira, buluu, woyera-buluu, wobiriwira, woyera-bulauni, bulauni. Kupotako kuli ndi ntchito: kumachotsa phokoso la magetsi lochokera kunja. Wophunzira akamasula mawaya kupitirira mamilimita 13, kapena akasakaniza mawaya a magulu awiri mofanana mbali zonse, choyezera chotchipa chimayakabe nyali zonse 8, koma uthenga umayenda mokwawa. Kebuloyi isapitirirenso mamita 100.

Kenako apereke maadilesi pamanja: 192.168.1.10 ndi 192.168.1.20, mask yake (nambala yoonetsa gawo la adilesi lomwe likuimira netiweki) 255.255.255.0, ndipo alembe ping, lamulo lofunsa ngati kompyuta inayo ikuyankha. Ikakana, ayang'ane kaye firewall, pulogalamu yotchinga mauthenga osaloledwa, poti Windows kawirikawiri imatsekereza ping. Ikatheka, mphunzitsi asinthe adilesi imodzi ikhale 192.168.2.20. Kebulo ndi yomweyo, nyali zikuyaka, koma makina sakumvananso, chifukwa tsopano ali pa netiweki ziwiri zosiyana ndipo pakufunika router, chipangizo cholumikiza netiweki zosiyana, pakati pawo. Phunziro la subnet, kagawidwe ka netiweki potengera maadilesi, limalowa m'mutu tsiku limenelo kusiyana ndi mwezi wathunthu wa pa bolodi.

Wireshark, pulogalamu yaulere, imaonetsa zomwe zikudutsa m'kebulo. Pa netiweki ya kebulo ya Ethernet, paketi imodzi (kachidutswa ka uthenga) imanyamula mabaiti osapitirira 1,500, choncho chithunzi cha 3 MB chimadulidwa mapaketi oposa 2,000, iliyonse ndi nambala yake. Asanayambe kutumizirana, makina amapatsana moni katatu: SYN, SYN-ACK, ACK. Zulani kebulo fayilo ili m'njira, muibwezere patapita masekondi angapo. Ophunzira adzaona TCP, ndondomeko yoonetsetsa kuti uthenga wafika wonse, ikutumizanso zomwe sizinayankhidwe, ndipo nthawi yodikira ikuwirikiza kawiri ulendo uliwonse. Mtunda nawo sukambirana: kuwala m'fayiba kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, ndiye seva (kompyuta yomwe imayankha zopempha za makina ena) yomwe ili makilomita 10,000 kutali singayankhe pasanathe mamilisekondi 100, ngakhale mugule bandulo yodula bwanji. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, kotero intaneti yathu imadutsa kwa anansi kukakumana ndi makebulo a pansi pa nyanja monga SEACOM ya mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010. Lamulo la traceroute limaonetsa malo omwe paketi yadutsamo.

Gawo lachiwiri la kosiyi, la makina ogwira ntchito mogawana, ndi lomwe limasiyanitsa wodziwa ndi woloweza. Makina akatumiza pempho osalandira yankho, pali zotheka zingapo: pempho latayika m'njira, seva yafa, seva ikungochedwa, kapena ntchito yachitika koma yankho ndi lomwe latayika. Wotumiza alibe njira yosiyanitsira zimenezi. Akangobwereza mwachisawawa, ndalama zikhoza kuchoka kawiri. Mankhwala ake ndi nambala yapadera pa pempho lililonse: seva imasunga manambala omwe yawagwirira kale ntchito, ndipo ikaona nambala yobwereza imangobweza yankho lakale osachotsanso ndalama. Ophunzira alembe okha kapulogalamu ka seva ndi kasitomala mu Python, mphunzitsi n'kulamula kuti mayankho atatu mwa khumi alionse azitayidwa dala. Amene sanaike nambalayo amaona akaunti yoyeserera ikuuma m'mphindi zochepa.

Ma seva akakhala angapo, amagwirizana potsata ochuluka, monga zimachitikira mu njira yogwirizanitsira ma seva yotchedwa Raft. Atatu amapirira imfa ya mmodzi, asanu ya awiri. Anayi amapirirabe mmodzi yekha, n'chifukwa chake kugula wachinayi n'kutaya ndalama. Mawotchi awo nawo sagwirizana ndendende, ndipo katswiri wa makompyuta Leslie Lamport mu 1978 anaonetsa kuti ndondomeko ya zochitika ikhoza kusungidwa ndi manambala owerengera m'malo modalira nthawi.

Zomwe katswiri wina, Eric Brewer, ananena mu 2000 zimamveka mosavuta kuno kuchigwa cha Shire. Netiweki ikagawikana, muyenera kusankha: kupitiriza ntchito ngakhale mbali ziwirizo zisiyane kwakanthawi, kapena kuima mpaka zilumikizane. Madzi a Ruo ndi Shire akadula Makhanga, kaundula wa odwala pa chipatala chaching'ono ayenera kulembedwabe pa tabuleti, n'kudzaphatikizidwa netiweki ikabwerera. Koma wopanga pulogalamu akonzeretu chochita munthu mmodzi akalembedwa malo awiri. Akaunti ya ndalama ndiye ayi, bola ikane kusiyana ndi kulola ndalama imodzi itapidwe kawiri.

Ma seva atatu omwe ali m'chipinda chimodzi, pa magetsi amodzi, ndi seva imodzi basi. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa, dziko n'kutaya ma megawati pafupifupi 130 nthawi imodzi. Choncho ophunzira ajambule osati makebulo okha, koma komwe chipangizo chilichonse chikutenga moto, ndi maola omwe batire ya UPS (yothandiza magetsi akazima) kapena ya sola ingapirire. Ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kumadutsa madigiri 40 mu October ndi November, pomwe ma switch ambiri a muofesi malire ake ndi 40 mpaka 50; kabati yotseka pansi pa malata imadutsa pamenepo masana asanakwane. Pakati pa nyumba ziwiri pasadutse kebulo ya kopa, chifukwa mphenzi imayendamo n'kuotcha madoko mbali zonse. Pamafunika fayiba kapena kulumikiza kopanda waya.

Mayeso nawo atsate zomwezo. Patsani wophunzira netiweki yomwe mwaiononga malo atatu, monga kamutu kofinyidwa molakwika, gateway (adilesi ya router) yolakwika ndi DNS (seva yosandutsa dzina la tsamba kukhala adilesi) yosayankha, mumupatse mphindi 45. Malikisi apite pa ndondomeko yofufuzira: nyali ya pa doko kaye, kenako adilesi, ping ku router, ping ku adilesi yakunja, dzina la tsamba pomaliza. Wodumpha masitepe n'kuyamba kuzimitsa ndi kuyatsa makina achotseredwe malikisi ngakhale zitamuyendera mwamwayi.