Silikoni samwa kuwala msanga, nanga n'chifukwa chiyani ali pa madenga athu?

Mlungu wathawu ndinali pa denga ku Rosettenville, tikumanga mapanelo a sola. Mwini nyumba, bambo wa kwathu ku Mulanje amene kuzimazima kwa magetsi kunamutopetsa, anandionetsa babu wa LED n'kufunsa kuti: "Achimwene, uyu amalavula kuwala, panelo amameza. Kodi m'katimu ndi zofanana?" Ndinayankha kuti ndi pachibale, koma khalidwe n'losiyana.

Zonsezi zimapangidwa ndi ma semiconductor, zinthu monga silikoni zimene zimadutsitsa magetsi pang'ono chabe. M'kati mwake ma elekitironi amakhala tsidya lino, ndipo kuti ayendetse magetsi ayenera kudumphira tsidya linalo. Pakati pali ngalande imene timaitchula kuti bandgap. Kuwala kumabwera m'timagawo totchedwa ma photon. Kagawo kakakhala ndi mphamvu yokwana kukula kwa ngalandeyo, elekitironi imadumpha. Kakaperewera, kamangodutsa osagwidwa. Ngalande ya silikoni ndi 1.1 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu ya elekitironi), ya gallium arsenide, semiconductor ina, ndi 1.4 eV.

Koma nkhani yagona pa malo otera. Mu gallium arsenide, mwala woterapo uli moyang'anizana ndi pamene waima. Kungodumpha, wafika. Imeneyi ndiye direct bandgap. Mu silikoni mwalawo uli cham'mbali. Photon ili ndi mphamvu yokukankhira kutsogolo, koma yokupotolera kumbali ilibe, choncho pamafunika kunjenjemera kwa maatomu, kotchedwa phonon, kuti kuthandize pa nthawi yomweyo. Awiriwa sakumana kawirikawiri, ndiye kuwala kumalowa patali kusanagwidwe.

Onani makulidwe ake. Mu milimita imodzi muli ma micrometre 1,000. Gallium arsenide wokhuthala ma micrometre awiri okha amamwa pafupifupi kuwala konse kumene angathe. Selo ya silikoni, kachigawo ka panelo kogwira kuwala, imakhala cha m'ma 150, ngati tsitsi liwiri kuliphatikiza, ndipo pamwamba pake amapakokota tizitunda kuti kuwala kuzungulire m'katimo.

Njira yomweyi imagwiranso chobwerera. Elekitironi ikagwa kubwerera tsidya lakale mu direct bandgap, imatulutsa photon mosavuta. Mu silikoni mphamvuyo imathera kwambiri ku kutentha. N'chifukwa chake babu wa bambo uja ali ndi gallium nitride, osati silikoni. Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandira mphoto ya Nobel mu 2014 chifukwa cha LED ya buluu, imene ikakutidwa ndi mankhwala achikasu imapereka kuwala koyera.

Nanga silikoni wapambana bwanji? Amachokera ku mchenga ndi miyala ya quartz, ndipo mafakitale amuzolowera kuyambira 1954 pamene Bell Labs, malo ofufuzira a ku Amereka, inaonetsa selo yake. Gallium arsenide ndi wodula zedi, n'chifukwa chake amakwera pa masetilaiti kumene kupepuka kumaposa mtengo. Palinso mapanelo opyapyala a cadmium telluride ndi CIGS (msakanizo wa copper, indium, gallium ndi selenium), onse a direct bandgap. Zimandinyaditsa kuti konkuno ku University of Johannesburg, Pulofesa Vivian Alberts anagwira ntchito yaikulu pa CIGS.

Bambo uja anafunsa ngati walakwitsa kugula a silikoni. Ndinati ayi, denga lawo n'lalikulu ndipo dzuwa la Gauteng ndi lambiri. Ndinangowapempha kuti azitsuka fumbi la mu Ogasiti.