Vampire, ndege yankhondo ya jeti ya thupi la matabwa

Ambiri akamva za ndege yankhondo ya jeti amaganiza za chitsulo chokhachokha. Koma Vampire, yomwe kampani ya de Havilland inapanga ku Britain, mbali yake yakutsogolo momwe mumakhala woyendetsa inali ya matabwa opyapyala omatidwa ndi guluu. Kampaniyi luso limeneli inali italizolowera kale popanga ndege ina yamatabwa yotchedwa Mosquito, ndipo sinaone chifukwa cholitayira.

Inauluka koyamba pa 20 September 1943 ku Hatfield, woyendetsa ali Geoffrey de Havilland wamng'ono, mwana wa mwini kampani. Chimene chimandikoka mtima kwambiri ndi michira yake iwiri. Injini za jeti za nthawi imeneyo zinali zofooka, ndipo mpweya wotentha ukamadutsa mu paipi yaitali, mphamvu ina inkathera m'njira. Choncho amisiri anaika injini imodzi ya Goblin, yomwe anakonza Frank Halford, kuseri kwa mpando wa woyendetsa, paipi n'kukhala yaifupi, kenako n'kukoka michira iwiri yoonda kuchokera kumapiko kuti igwire chiwongolero kumbuyo. Maonekedwe achilendo aja anabadwa chifukwa cha vuto la injini, osati kukongoletsa.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inatha Vampire isanamenye nawo. Fakitale ya de Havilland inali yotanganidwa ndi Mosquito, moti ntchito yopanga zambiri inapita ku kampani ina ya English Electric, ndipo asilikali a RAF, gulu lankhondo la mumlengalenga la Britain, anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1946. Komabe dzina inali italipanga kale: pa 4 December 1945, woyendetsa ndege Eric Brown anaiteretsa pa sitima yankhondo ya HMS Ocean, koyamba kuti jeti itere pa sitima. Mu July 1948 ma Vampire asanu ndi limodzi anaoloka nyanja ya Atlantic, ulendo womwe jeti ina iliyonse inali isanayendepo.

Sinachedwe kupitiridwa liwiro ndi ndege zatsopano, koma inali yosavuta kuyendetsa ndi kukonza, n'chifukwa chake zinapangidwa zoposa 3,000 n'kugulidwa ndi mayiko ambiri. Kufupi ndi kwathu kuno inafika mu 1953, pomwe Southern Rhodesia (pano ndi Zimbabwe) inagula zake, chaka chomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba. Ndege zamtunduwu zinali m'gulu la zomwe boma la Ian Smith ku Rhodesia linatumiza kukaphulitsa msasa wa ZANLA, gulu lomenyera ufulu wa Zimbabwe, ku Chimoio, ku Mozambique, mu November 1977, komwe kunafa anthu ochuluka zedi, amayi ndi ana omwe. Ku Switzerland zinaulukabe m'gulu lankhondo mpaka 1990.